Ophunzira amabwera kudzathyola makompyuta, ine ndimawapatsa kaundula

Ophunzira ambiri amene amalembetsa phunziro la kasamalidwe ka chitetezo cha deta ku sukulu yaukachenjede amabwera ali ndi chithunzi chimodzi m'mutu mwawo, cha mnyamata amene wadzitsekera m'chipinda usiku n'kumalowa m'makompyuta a mabanki popanda womuona. Ena amafika ataika kale pa laputopu zawo Kali Linux, pulogalamu yodzaza ndi zida zoyesera kuthyola makompyuta, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti tiyamba liti kuthyola mapasiwedi. Chidwi choterechi sindimachinyoza, pakuti dziko lathu likusowa anthu odziwa bwino njira zimene achiwembu amagwiritsa ntchito. Komabe phunziro limene ndimaphunzitsa ndi la kayendetsedwe ka zinthu, ndipo mafunso ake ndi akuti bungwe lili ndi chiyani choyenera kutetezedwa, mwini wake wa chinthucho ndani, ndalama zochepa zomwe zilipo zipite kuti, komanso zinthu zikalakwika adzayankhe ndani. Amene sanamvetse mafunso amenewa, ngakhale atadziwa zida zonse za pakompyuta, amakateteza chipinda cholakwika.

Ntchito yoyamba imene ndimawapatsa imawakhumudwitsa. Ndimawagawa m'magulu ndi kuwauza kuti aganizire ofesi imene akuidziwa bwino, monga yosunga zotsatira za mayeso, chipatala chaching'ono cha kwawo, kapena SACCO ya aphunzitsi, kenako alembe m'kaundula chilichonse chimene chitasowa ofesiyo singagwire ntchito. Poyamba amangolemba makompyuta, seva (kompyuta yaikulu yosungira deta imene makompyuta ena amadalira) ndi makina osindikizira, chifukwa ndi zimene maso amaona. Ndikawafunsa kuti chopweteka kwambiri n'chiti pakati pa kubedwa kwa laputopu ya mlembi ndi kusinthidwa kwa magiredi a ophunzira a chaka chomaliza, amayamba kuzindikira kuti chuma chenicheni ndi zimene zasungidwa mkatimo, pamodzi ndi mafayilo a mapepala a m'makabati, ndiponso zimene zili m'mutu mwa wogwira ntchito mmodzi yekha amene amadziwa mmene dongosolo lonse limayendera. Pambali pa chinthu chilichonse ndimafuna kuti alembe udindo wa munthu amene ndi mwini wake, ndipo mzere umenewu ndi umene umavuta. Pafupifupi gulu lililonse limalemba kuti ndi a ICT, a nthambi yoona za makompyuta, ngati kuti katswiri wokonza netiweki ndiye woyenera kugamula za amene angaone zotsatira za magazi a wodwala. Mwini wa deta ya odwala ndi mkulu wa chipatalacho, mwini wa kaundula wa malipiro ndi mkulu wa zachuma, pamene a ICT ndi osunga chabe amene amakwaniritsa zimene eni akewo agamula.

Mabuku a phunziroli amayamba ndi mizati itatu: chinsinsi, kuti deta ionedwe ndi okhawo ololedwa, kulondola, kuti isasinthidwe kapena kufufutidwa popanda chilolezo, ndi kupezeka, kuti ikafunika ipezeke. Ophunzira amaloweza zimenezi tsiku limodzi lokha, koma mtima wawo wonse umakhala pa mzati woyambawo, chifukwa akamva za chitetezo amaganiza za kubisa basi. Kuti ndiwachotse pamenepo sindifunika kuwatengera kutali, popeza nkhani ya Cashgate inachitika kuno komwe, ambiri mwa iwo ali ku pulaimale.

M'chaka cha 2013 kunaululika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera m'dongosolo la pakompyuta lolipirira zinthu lotchedwa IFMIS, kupita ku makampani amene sanapereke katundu aliyense kapena kugwira ntchito iliyonse. Kampani ya ku Britain yofufuza mabuku a zachuma ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zokwana pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo limene ankapereka mwachindunji ku bajeti ya boma. Chimene ndimafuna kuti ophunzira aone ndi njira imene ndalamazo zinkatulukira. Malipiro ankalowetsedwa m'dongosolo, macheke ankasindikizidwa, ndalama zinkatapidwa ku banki, kenako zolembedwazo zinkafufutidwa kuti pasaoneke phazi. Panalibe chifukwa choti mbava yakutali ithyole khoma lililonse, pakuti zonsezi zinkatheka kwa anthu amene anali kale mkati, okhala ndi chilolezo cholowa m'dongosolomo tsiku ndi tsiku. Chimene chinagwa pa nkhaniyi chinali kulondola kwa zolembedwa, ndipo firewall, chida chotchinga akunja kuti asalowe m'netiweki, ngakhale yodula bwanji sikanathandiza kanthu.

Pa nkhani imeneyi timakhalapo nthawi yaitali, ndipo ndimawapatsa mafunso ambiri kuposa mayankho. Kodi n'koyenera kuti munthu amene amalembetsa kampani yatsopano m'dongosolo akhalenso ndi mphamvu yovomereza malipiro ake? Kodi dongosolo la zachuma liyenera kulola munthu aliyense, ngakhale wamkulu bwanji, kufufuta malipiro amene achitika kale, m'malo mongolemba mzere wina wokonza cholakwikacho pamene woyambawo ukuonekabe? Kaundula wosonyeza amene walowa m'dongosolo ndi zimene wachita akusungidwa kuti, ndipo amamuwerenga ndani? Ngati woyang'anira seva angathe kusintha kaundula ameneyo, ndiye kuti mlonda akudzilondera yekha. Ndimawafunsanso kuti zolembedwa za m'dongosolo ziyenera kufananizidwa kangati ndi zimene banki yalipiradi, chifukwa ntchito yotopetsa imeneyi, imene ilibe ulemerero uliwonse, ndi imene imagwira malipiro ofufutidwa.

Mfundo yogawa maudindo ndimaifotokoza ndi chinthu chimene ambiri mwa iwo anachiona kwa amayi awo. M'magulu ambiri a banki mkhonde, bokosi losungiramo ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limasungidwa ndi munthu wachinayi amene alibe kiyi, ndipo limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse, ndalama n'kuwerengedwa mokweza. Palibe amene amati gululo likuganizira msungichuma kuti ndi wakuba. Dongosololo limateteza ndalama, komanso limateteza msungichumayo ku miseche. Akamvetsa zimenezi, savutika kumva mfundo imene Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder analemba m'chaka cha 1975, yakuti munthu aliyense kapena pulogalamu iliyonse ipatsidwe mphamvu zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, osapitirira apo. Chovuta pa mfundoyi ndi kuitsatira chaka ndi chaka, chifukwa wogwira ntchito akasamutsidwira ku nthambi ina amapatsidwa zilolezo zatsopano koma zakale zija sizichotsedwa, ndipo amene anapuma pa ntchito kalekale akaunti yake imapezeka ikadali yotsegula.

Za mzati wachitatu, wa kupezeka kwa deta, sindichedwapo, chifukwa aliyense anamva za mizere ya anthu ofuna mapasipoti kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Mu Febuluwale chaka chimenecho, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti dongosolo losindikizira mapasipoti linalowedwa ndi achiwembu amene ankafuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo mapasipoti sankatuluka. Wophunzira amene anapeza malo a sukulu kunja, wodwala wofuna chithandizo ku India, ndi wamalonda wopita ku Johannesburg, onsewa anavutika chifukwa chakuti ntchitoyo inangoima. Ndimawakumbutsanso kuti mdani wa kupezeka kwa deta nthawi zina sakhala munthu n'komwe. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo funso lakuti jenereta ya chipinda cha maseva ili ndi dizilo wa maola angati linasanduka funso la chitetezo cha deta.

Apa m'pamene timalowa mu mtima wa phunziroli, womwe ndi kuyeza chiopsezo. Palibe bungwe limene lili ndi ndalama zotetezera chilichonse mofanana, ndipo mabungwe athu ambiri ndalama zawo n'zoperewera ndithu. Choncho pa chinthu chilichonse cha m'kaundula uja ophunzira amayenera kufotokoza chimene chingachitike, mpata umene ulipo woti chichitike, ndi kukula kwa vuto likachitika. Akatero amasankha imodzi mwa njira zinayi: kuchepetsa chiopsezocho poika chotchinjiriza, kuchipewa posiya ntchito imene ikuchibweretsa, kugawana ndi ena monga a inshuwalansi, kapena kuchivomereza ndi kukhala nacho. Njira yachinayiyi imawadabwitsa, chifukwa amaona ngati ndi ulesi. Koma kuvomereza chiopsezo ndi chisankho chovomerezeka, malinga ngati wasankhayo ndi mwini wake wa chinthucho, wachita zimenezo akudziwa zotsatira zake, ndipo wasaina. Chimene sindimalola ndi chiopsezo chimene bungwe lonse likukhala nacho koma palibe amene anachivomereza, chimene katswiri wa ICT amachidandaula m'khonde pa nthawi ya tiyi koma sanachilembepo kwa wina aliyense.

Ndiyenera kunena kuti matebulo amitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira amene timagwiritsa ntchito poyeza chiopsezo sindimawakhulupirira kwambiri. Manambala ake nthawi zambiri amachokera m'maganizo a amene akudzaza tebulolo, ndipo gulu likatopa limangoika chilichonse pakati. Ndimawaphunzitsabe chifukwa adzawapeza kuntchito, koma phindu lake lenileni ndi mtsutso umene umabuka pamene wina akuti chinthu n'chofiira mnzake akuti n'chachikasu, ndipo aliyense ayenera kupereka zifukwa.

Nkhani imene imawaseketsa, kenako n'kuwakhalitsa chete, ndi ya kampani ya sitima zonyamula katundu ya Maersk. Mu Juni 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya, imene inayambira ku Ukraine, inafalikira m'netiweki ya kampaniyi padziko lonse ndi kuononga pafupifupi maseva onse amene ankasunga kaundula wa maakaunti a ogwira ntchito. Masevawo anali ambiri ndipo ankakoperana okhaokha, moti aliyense ankaganiza kuti ena akadzagwa ena adzatsala, koma popeza onse anali olumikizana, anagwa pamodzi. Imodzi yokha inapulumuka, ya ku ofesi ya ku Ghana, chifukwa pa nthawiyo magetsi anali atazima ndipo sevayo inali yosalumikizidwa. Kampaniyi inakonzanso maseva pafupifupi 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku khumi, ndipo inataya ndalama zokwana madola pafupifupi 300 miliyoni. Ophunzira amaseka akamva kuti kuzimazima kwa magetsi kunapulumutsa kampani yaikulu chotero, ndipo ndimawalola kuseka, kenako ndimawafunsa kuti kope la deta ya ofesi yawo ija lili kuti, ndi lolumikizidwa ku netiweki yomweyo kapena ayi, ndipo linayesedwa liti komaliza kuti aone ngati lingabwezeretsedi zinthu. Kope limene silinayesedwepo ndimawauza kuti asaliwerengere.

Mwezi umodzi zimenezi zisanachitike, mu Meyi 2017, pulogalamu yofuna dipo ya WannaCry inasokoneza zipatala zambiri za boma ku England, ndipo odwala pafupifupi 19,000 analephera kuonana ndi madokotala kapena kuchitidwa opaleshoni pa tsiku limene anapatsidwa. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chokonzera vutolo mu Malichi, miyezi iwiri m'mbuyo. Funso limene ndimapereka pa nkhaniyi ndi lakuti n'chifukwa chiyani bungwe lokhala ndi akatswiri ambiri lingachedwe kuika chinthu chaulere. Akaliganizira bwino amapeza kuti makina ena a m'chipatala amadalira mapulogalamu akale, kuti kuzimitsa kompyuta ya m'wodi kumafuna chilolezo cha amene amayang'anira wodiyo, ndiponso kuti pamafunika munthu wokhala ndi mphamvu yolamula kuti ntchitoyo ichitike pofika tsiku lakuti. Zonsezi ndi nkhani za utsogoleri wa bungwe.

Miyezo ya padziko lonse ndimaibweretsa mochedwa dala. ISO/IEC 27001, muyezo wa kasamalidwe ka chitetezo cha deta, imene inachokera ku muyezo wa ku Britain wa BS 7799, inatuluka koyamba mu 2005, inakonzedwanso mu 2013 komanso mu 2022, ndipo mndandanda wake wa zotchinjiriza tsopano uli ndi mfundo 93 m'magawo anayi, okhudza bungwe, anthu, malo ndi nyumba, komanso zipangizo. Wophunzira wozolowera kuloweza akaona mndandanda umenewu amasangalala, poganiza kuti wapeza zimene zidzabwere pa mayeso. Koma muyezowu umafuna kuti bungwe liyambe layeza ziopsezo zake, kenako lisankhe zotchinjiriza zoyenera ndi kulemba zifukwa zimene lasiyira zina, ndiponso kuti akuluakulu a bungwe aziunika dongosolo lonse nthawi ndi nthawi. Bungwe la ku America loona za miyezo la NIST nalonso, pokonzanso ndondomeko yake ya chitetezo cha makompyuta mu Febuluwale 2024, linaonjezera gawo la utsogoleri pa magawo asanu akale aja a kuzindikira, kuteteza, kuona vuto likayamba, kuchitapo kanthu ndi kubwezeretsa. Ndawerengapo ndondomeko za chitetezo za mabungwe ena zimene zinangokoperedwa pa intaneti, mpaka kutchula malamulo a dziko lina amene sagwira ntchito kuno, ndipo zikalata zotero zimangogona m'kabati kudikira tsiku la ofufuza mabuku. Ndimakonda ndondomeko ya masamba awiri imene mlembi ndi mlonda anaiwerenga ndi kuimva.

Gawo la anthu ndi limene ndimaliona kuti mabuku olembedwa kunja salifika pamene ife timalifunira. Tinaleredwa kulemekeza akuluakulu, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma muofesi umatha kusanduka khomo lolowera achiwembu. Taganizirani mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito ku nthambi ya zachuma, ndipo walandira uthenga pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha abwana, wonena kuti ali pa msonkhano ku Mangochi ndipo malipiro akutiakuti atumizidwe msanga lero lomwe. Kapena abwana enieniwo aimirira pa desiki yake n'kunena kuti, "Tabwerekeni pasiwedi yanu, yanga ikuvuta." Ndi angati mwa ophunzira anga angayankhe kuti, "Pepani bwana, malamulo sakundilola"? Ndikawafunsa m'kalasi, manja amakwera ochepa, ndipo amenewo ndimawakayikira. N'chifukwa chake ndimawaphunzitsa kuti ntchito ya woyang'anira chitetezo ndi kukonza zinthu m'njira yoti wamng'ono asafunike kulimba mtima kuti achite choyenera. Lamulo likhale lolembedwa ndi losainidwa ndi abwana omwewo, lonena kuti malipiro aliwonse opemphedwa pa foni ayenera kutsimikizidwa poimba nambala imene ili kale m'kaundula, kuti wogwira ntchitoyo aziloza pepala m'malo mokangana ndi mkulu wake.

Chinyengo cha pa Airtel Money ndi TNM Mpamba chimatithandiza pano, chifukwa palibe wophunzira amene sanalandirepo uthenga wonena kuti wina watumiza ndalama molakwika ndipo zibwezedwe, kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani amene akufuna nambala yachinsinsi. Timasanthula mauthenga amenewa m'kalasi kuti tione zimene amadalira, zomwe ndi changu, mantha, chifundo ndi dyera. Chimene ndimatsindika n'chakuti wobedwa motere kawirikawiri amabisa chifukwa cha manyazi, ndipo kuofesi zimakhalanso chimodzimodzi. Wogwira ntchito amene watsegula uthenga wachinyengo, ngati akudziwa kuti akanena adzakalipiridwa pamaso pa anzake, amakhala chete, ndipo maola amene akanagwiritsidwa ntchito kutseka khomo amatayika.

Chakumapeto kwa semesita timachita sewero la tsiku la ngozi, ndipo maziko ake ndi zimene zinachitikira banki yaikulu ya dziko la Bangladesh mu Febuluwale 2016. Achiwembu anagwiritsa ntchito makompyuta a bankiyo kutumiza malamulo abodza olipira kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki a padziko lonse amatumizirana mauthenga a malipiro, kufuna kutapa ndalama zoyandikira madola 1 biliyoni mu akaunti yake ya ku Federal Reserve Bank of New York, ndipo madola 81 miliyoni anafika ku Philippines. Anasankha nthawi mochenjera, pakuti ku Bangladesh amapuma Lachisanu ndi Loweruka, ku New York Loweruka ndi Lamlungu, ndipo Lolemba lotsatira linali tsiku la tchuthi ku Philippines. Makina amene ankasindikiza malipoti a malipiro anali atasokonezedwa, zimene zinachedwetsa kuzindikira kuti chinachake chalakwika. M'sewero lathu ndimagawa maudindo a mkulu wa bungwe, wa zachuma, wa zamalamulo, wofalitsa nkhani ndi wa ICT, kenako ndimalengeza kuti ndi Lachisanu madzulo, seva yatsekedwa ndi ofuna dipo, ndipo foni ya mkulu wa bungwe siikupezeka chifukwa ali kumaliro kumudzi. Kawirikawiri mphindi zoyambirira zimatha akukangana za amene ali ndi mphamvu yolamula kuti netiweki izimitsidwe, ndipo mkangano umenewo umawaonetsa okha chifukwa chimene dongosolo la tsiku la ngozi liyenera kulembedwa ngoziyo isanafike, kuphatikizapo nambala za foni zolembedwa papepala.

Malamulo a dziko lino ndimawaphunzitsa pa zifukwa ziwiri. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena m'deta ya wina popanda chilolezo, ndipo ndimaliwerenga nawo msanga kuti amene ali ndi Kali Linux adziwe kuti kuyesera luso lawo pa netiweki ya sukulu kapena pa Wi-Fi ya oyandikana nawo nyumba ndi mlandu, ngakhale atati ankangofuna kuphunzira. Zoyesera zonse timachitira pa makompyuta a m'labu amene tinawapatula dala. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka deta ya anthu, likutanthauza kuti sukulu, chipatala kapena kampani imene imasunga mayina, manambala a ziphaso zaunzika ndi mbiri za anthu ili ndi udindo pamaso pa lamulo. Ophunzira amenewa ndi amene adzafunsidwe kuntchito kuti afotokoze zimene lamuloli likufuna, nthawi zambiri asanathe n'komwe chaka chawo choyamba.

Pa mayeso sindifunsa kuti atchule mizati itatu ija kapena kundandalika mfundo 93. Ntchito imene imakhala ndi malikisi ambiri ndi kalata ya tsamba limodzi yopita kwa mkulu wa bungwe amene sadziwa zambiri za makompyuta ndipo ali ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha mwa zitatu zimene zikufunika. Wophunzira ayenera kufotokoza ziopsezo zitatuzo m'mawu amene mkuluyo angamve, kunena chimene akulangiza kuti chiyambe ndi chifukwa chake, ndi kulemba momveka zimene bungwe likuvomereza kukhala nazo posiya ziwiri zinazo. Amene amadzaza tsambalo ndi mayina a zida ndi mawu ovuta amapeza malikisi ochepa, ngakhale zonse zimene alemba zitakhala zoona. Amene amalangiza zinthu zosafuna ndalama zambiri, monga kutseka maakaunti a anthu amene anachoka, kulekanitsa wolembetsa malipiro ndi wovomereza, ndi kuyesa kope la deta kamodzi pa mwezi, n'kusonyeza udindo wa munthu amene adzachite chilichonse ndi tsiku limene adzamalize, amapeza ambiri. Pansi pa kalatayo payenera kukhala malo oti mkuluyo asaine, ndipo amene waiwala kusiya malo amenewo ndimamuchotsera malikisi.